Nsungwi Zodula Mwezi Ukuwala

Pakhoma la pabalaza panga pali lichero limene sindilola munthu kulikhudza. Alendo akalowa amaliyang'ana kawiri, ena mpaka kufunsa kuti ndinaligula kuti. M'mawa uliwonse pansi pake pamakhala kaufa kachikasu, kosalala kuposa ufa wa kondowole, ndipo ndimasesa ndekha. Akazi anga analeka kalekale kundiuza kuti ndilitaye.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Ku Salima ndinabwera ngati mphunzitsi wa pulayimale, ndili ndi sutikesi imodzi ndi mtima woti pakatha zaka ziwiri ndipempha kusamuka, chifukwa kutentha kwa kunyanja kunkandiphika wamoyo. Kusamukako sindinapemphe. Ndinakwatira pamudzi womwewo, ndipo popeza kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndinamanga nyumba kuseri kwa apongozi anga n'kukhala mkamwini.

Apongozi aamunawo anali Msilamu wosachedwa pakamwa ndi nkhani. Mwana wawo atanditsata kutchalitchi sanakalipe, anangoti bola azipemphera. Ntchito yawo inali kuluka malichero ndi madengu a nsungwi. Ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba pakhomo pawo kuyambira akachokera kumzikiti m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, mpeni kumanja, chidutswa cha tayala pantchafu. Ana awo aamuna anali awiri. Wina nyanja inamutenga mtima, nyengo ya usodzi ikatsegulidwa ankakhalira ku chilumba cha Mbenji, ndipo winayo anapita ku Joni. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzira kung'amba nsungwi.

Amayi olima mpunga ku Chinguluwe ankayenda mtunda wonsewo kudzafuna lichero la apongozi, kusiya malichero ali mbwee pamsika. Ankalizindikira ndi diso, kachizindikiro kobiriwira ka ngodya zinayi kamene ankalukira pakati penipeni ndi nsungwi zosachotsa khungu. Mayi wina anandiuza kuti lake anapetera ana ake onse asanu kuchokera ali kumsana mpaka womaliza kulowa sekondale. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinalibe nazo ntchito. Ndinakhala pafupi ndi munthu ameneyo zaka zoposa makumi awiri osayang'anitsitsa manja ake ngakhale tsiku limodzi. Kwa ine kuluka kunali kwa anthu amene sukulu inawakana. Ndikunena izi ndi manyazi, koma ndi mmene ndinalili.

Chaka chimene mwana wathu woyamba anapeza banja, apongozi anandiitanitsa. Ndinapita n'kukhala chonjuta chapatali, monga achitira mkamwini.

"Aphunzitsi," anatero, "mkazi wanga akundithawa."

Ankanena mdzukulu wawoyo, amene chibadwire ankamutcha mkazi wawo monga amachitira agogo aamuna.

"Wapeza mnyamata wa mano onse. Sindimuletsa, koma asapite chimanjamanja. Ndimulukira lichero. Manja awa atsala ndi lichero limodzi basi, ndikuwamva."

Anawatambasula kuti ndione. Nyamakazi inali itawapotoza, zala zitatupa m'mfundo ngati nsungwi yomwe. Panali patatha chaka asanalukire munthu aliyense.

"Kudula ndiye sindingathenso. Mupite inu. Musankhe zokhwima, zimene khungu lake layamba chikasu. Koma mudikire mwezi ulowe mumdima. Nsungwi yodula mwezi ukuwala imafumbwa."

"Ndamva, bambo," ndinatero.

Pakamwa ndinamva, m'mimba ndinkaseka. Ine ndinkaphunzitsa sayansi sitandade seveni. Mwezi uli kumwamba uko, anankafumbwe ali pansi pano, zikukhudzana pati? Kapena tizilomboto timaopa mdima, tilibe tochi?

Nsungwi zabwino sizimera mumchenga wa kunyanja. Zinali kumtunda, kudutsa mbali ya nkhalango ya Kuti, ulendo wa tsiku lonse panjinga, ndipo theka la njirayo munthu umakankha. Ndiye Loweruka lotsatira ndinamva kuti mnzanga wina akupita komweko ndi ngolo kukatenga mitengo ya denga. Masiku amenewo mwezi unali wathunthu, woti ungatole singano pabwalo. Ndinauyang'ana, ndinaganiza za mchenga ndi njinga yanga yopanda mabuleki, n'kukwera ngolo.

Ndinadula nsungwi zinayi zokhwima bwino, pamenepo sindinalakwitse. Pobwera sindinafike nazo kumudzi. Ndinazitsitsa kusukulu, n'kuzigoneka kuseri kwa sitolo ya mabuku, zitafunditsidwa masaka onyowa. Sabata ziwiri ndinkazithira madzi a pamjigo ngati ndiwo za m'dimba. Mwezi utalowa mumdima ndinalawira m'mamawa kuti ndikupita kukadula nsungwi, ndinakatandala kwa mphunzitsi mnzanga tikusewera bawo, ndipo madzulo ndinadula kumapeto kwa nsungwi iliyonse kuti pazioneka poyera, podula kumene. Mpaka ndinadzipaka fumbi m'miyendo. Mphunzitsi wamkulumkulu, wa imvi m'ndevu, kudzipaka fumbi ngati mwana wothawa sukulu! Mfulumira anadya gaga, koma ine ndinkaona ngati ndachenjera.

Nditafika nazo, apongozi anatenga nsungwi imodzi, anaiika pakati pa mawondo, anakhazika mpeni pamwamba n'kuumenya ndi kachipika. Nsungwi inang'ambika mpaka mfundo yachiwiri. Anaima. Anaika mpeni palilime, n'kuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo.

"Alhamdulillah," anatero. "Mwatopa, aphunzitsi. Kapumeni."

Sindinapume. Kuima kwawo kuja sikunandichoke m'maganizo. Nanga zikafumbwadi? Lichero lomaliza la manja amenewo, la mwana wanga yemwe? Mawa lake nditaweruka sindinapite kubawo. Ndinapita pansi pa bwemba paja, ati kudzawaona. Cholinga changa chinali kufufuza timabowo. Ndinkatola kamzere ka nsungwi kalikonse, kukatembenuza uku ndi uku ngati ndikusirira, pamene ndikufuna kuona ngati tizilombo tayamba.

"Poti mwakhala, gwirani apa," anatero apongozi.

Ndinagwira. Tsiku linalo ndinabweranso, ndipo linalo chimodzimodzi.

Apo ndi pamene ndinayamba kuona zimene zinkachitika pakhomo panga zaka zonsezo. Nsungwi imodzi ankaing'amba pakati, zigawozo pakatinso, mpaka timizere topyapyala tofanana m'lifupi ngati tayezedwa ndi rula, pamene analibe rula koma chikhadabo cha chala chachikulu. Kenako kamzere kalikonse ankakagoneka pa tayala lija pantchafu, mpeni n'kuuimika pamwamba. Mpeni sunkayenda. Nsungwi ndiyo inkakokedwa pansi pake, ndipo tinyenyeswa tinkapotana n'kugwa kumapazi kwawo. Pa ntchito yonseyo sankayang'ana. Ankatha kuyankha moni wa munthu wodutsa, kukalipira mbuzi, maso ali kwina, zala zokha zikumva pamene patsala ponenepa. Akapereka kamzere kwa ine kanali kosalala ngati riboni, kotha kuzungulira chala osathyoka.

Ndinayesa nanenso. Koyamba ndinakadula pakati. Kachiwiri ndinadzicheka.

"Choko sichiluma, eti aphunzitsi?" anatero, osaseka n'komwe.

Kuluka kwenikweni ankayambira pansi, pamchenga wosalazidwa bwino. Ankayala timizere tingapo, kutiponda ndi phazi lamanzere, n'kuyamba kulowetsa ena mopingasa, pamwamba pa atatu, pansi pa atatu, mzere wotsatira kusuntha ndi kamodzi. Zimamveka zophweka. Koma kuchokera pakati mizereyo imayenera kutembenukira mbali zinayi nthawi imodzi, ndipo ukaphonya kamodzi kokha cholakwacho chimakaonekera patali, utaluka kale chikhatho chathunthu. Iwo sankawerenga. Ine amene ndinkaphunzitsa masamu ndinajambula m'kope madzulo ena kuti ndimvetse mmene diso lija limatulukira, ndinang'amba mapepala atatu osaphula kanthu. Munthu amene sanalowepo m'kalasi ankazisunga zonsezo m'zala zopotoka. Ndinachita mantha enieni, amene munthu amachita akaima pafupi ndi chinthu chachikulu kumuposa.

Kale lichero ankalimaliza masiku awiri. Ili linatenga sabata zitatu. Ankaluka mizere isanu n'kuima, kuviika manja m'madzi ofunda amene apongozi aakazi ankabweretsa m'kabeseni, kudikira kuti zala zivomerenso. Nthawi zina kamzere kankawapulumuka, n'kukhala akukayang'ana pansi ngati kawatukwana. Pamenepo ankati, "Lowetsani inu aka." Ndikalowetsa ankakhudza ndi chala n'kunena kuti, "Tulutsani." Mzere umodzi ndinaulowetsa kasanu ndi kawiri. Ndinkapsa mtima, koma mkamwini sapsera mtima poyera, makamaka mkamwini amene ali ndi mlandu m'thumba.

Atamaliza chiphasa chonse anachiwaza madzi, anachikhazika pa mkombero, mphete ija ya nsungwi yokhuthala imene imagwira m'mphepete, n'kuponda pakati ndi chidendene pang'onopang'ono mpaka chinthu chafulati chinasanduka mbale. Mphete yachiwiri inalowa mkati. Anadula zotsalira, n'kusoka kuzungulira ndi mlaza wonyowa, akuboola ndi kachitsulo kosongoka kochokera ku sipoko ya njinga. Ena masiku ano amasoka ndi linya, ulusi wa m'matayala uja, kapena waya, koma iwo ankati chakudya cha munthu chisamakhudzane ndi tayala.

Tsiku lomaliza anandipatsa lichero lija kuti ndilikweze kudzuwa. Linali dzuwa la masana la ku Salima, lija limalowa ndi m'malata momwe. Ndinayang'ana pansi pake ponse. Panalibe kuwala ngakhale kadontho. Anathiramo ufa woyera wodzaza chikho n'kuligwedeza pamwamba pa nsalu yakuda, ndipo pansaluyo sipanagwe kanthu. Ataligogoda ndi chala linalira ngati kang'oma. Akazi anga anaimba nthungululu, kenako anatembenuka kupukuta maso ndi chitenje. Diso lobiriwira lija linali pakati, lowongoka mbali zonse. Chinthu chokongola chotero chopangidwa ndi manja a munthu sindinachionepo, ndipo mpaka lero sindinachionenso.

Analikulunga m'chitenje chatsopano n'kulipachika m'nyumba mwawo kudikira chinkhoswe. Ine mtima unakhala pansi. Sabata zinadutsa, ndinayambanso kuseka chamumtima, ndikuti sayansi yapambana.

Linali Lachisanu, patatha mwezi ndi theka. Apongozi atabwera ku mapemphero a Juma, akadali mumkanjo wawo woyera, anauza akazi anga kuti atulutse lichero lija lipitidwe mphepo. Ine ndinali pomwepo. Apongoziwo anamasula chitenje pamiyendo pawo, ndipo pamkanjo woyerawo panagwa kaufa kachikasu. Analigogoda kamodzi ndi chala. Silinalire ngati ng'oma. Kaufa kenanso kanatsika, ndipo m'mbali mwa mkombero ndinaona timabowo tating'ono ngati tobooledwa ndi singano.

Akazi anga ndiwo anayamba kulankhula.

"Ababa, mwina ndi nsungwi za masiku ano. Nthaka inasintha."

"Mwina ndi ine," anatero apongozi, akusasa mkanjo pang'onopang'ono. "Anthu adzati nkhalamba ija inatha, lomaliza linafumbwa."

Mawu amenewo sindinathe kuwapirira. Munthu amene lichero lake silinabwezedwepo moyo wake wonse, asenze manyazi anga? Ndinagwada pamchenga, pamaso pa akazi anga ndi apongozi aakazi amene anali pakhonde, n'kunena zonse: ngolo, masaka onyowa, bawo, ngakhale fumbi la m'miyendo lija. Akazi anga anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndimange katundu ndibwerere ku Ntchisi, ndipo ndikanati akhoza.

"Dzukani, aphunzitsi, mawondo a buluku atha," anatero apongozi. "Ndinadziwa tsiku lomwelo."

Ndinakhala chogwada.

"Nsungwi yodula dzulo ikamang'ambika imalira monyowa, ndipo mpeni umatuluka ndi madzi. Yanu inalira mouma. Komanso inkanunkha saka."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti bambo wa adzukulu anga ndi wabodza? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo." Anasisita mkombero. "Komanso ndinaona mawa lake mwabwera. Zaka zonsezi mumadutsa apa ndi moni wa chapatali. Mukanadula bwino, mukanandisiyira nsungwi pakhomo n'kupita kubawo. Koma munthu wolakwa sachoka msanga. Amayang'anitsitsa. Ndinati uyu ndamupeza."

Galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndinkaganiza kuti ndikulondera tizilombo, pamene nkhalambayo inkandiluka ine pamodzi ndi lichero. Inadziwa kuti chimene ikupanga ndi ululu wonsewo chidzadyedwa, ndipo inaperekabe mphamvu yomaliza ya manja ake, mzere uliwonse mosamala ngati chidzakhala zaka makumi atatu, kuti wina aone mmene zimachitikira. Ndinalira pabwalo pomwepo, ndipo sindinabise.

Chinkhoswe chisanafike kunatsala mdima umodzi wa mwezi. Ulendo uno ndinapita panjinga, ndinakankha mumchenga mpaka malaya kumamatira kumsana, ndipo ndinabwera ndi fumbi lenileni. Apongozi anang'amba nsungwi yoyamba pang'ono chabe, anaika mpeni palilime, n'kundipatsa mpeniwo chogwirira chili kwa ine. Inali nyengo ya mwera, mphepo yozizira ikuchokera kunyanja tsiku lonse, ndipo zala zawo zinali zitakaniratu kupinda. Ngakhale kapu ya tiyi ankainyamula ndi zikhatho ziwiri.

Ndiye ndinaluka ine, iwo ali pambali ndi pakamwa. "Mwanenepetsa." "Tulutsani." "Musakoke ngati mukukoka khoka, nsungwi imafuna kunyengerera." Diso lija ndinaliyesa masiku awiri, linkatuluka lopenyera kumbali, mpaka anati tilisiye, lidzabwera lokha chaka china. Pofika pa mkombero manja anga awiri sanakwane. Iwo anatambasula mwendo n'kupana mphete ndi chala chachikulu cha kuphazi, nganganga, ine ndikusoka. Phazi lokha ndilo linali lisanawathawe.

Nditalikweza kudzuwa, kuwala kunalowa malo atatu.

"Nyenyezi zitatu," anatero. "Langa loyamba linali ndi thambo lonse. Bambo anga anapatsa nkhuku kuti ziziikiramo."

Pachinkhoswe amayi ankatulutsa katundu wa m'khitchini mmodzimmodzi akuonetsa anthu. Lichero litakwezedwa, mayi wina wa ku Chinguluwe analitembenuza, n'kufunsa mokweza kuti, "Diso lili kuti? Ili si la mwini wake ili." Ine ndinkafuna nthaka itseguke. Apongozi anayankha ali pampando wawo, osakweza mawu.

"Latuluka pakhomo panga limenelo. Peterani muone."

Mayiyo anathiramo mpunga wa m'mbale, anapeta katatu, mankhusu anauluka, ndipo anangoti, "Likupeta." Mwana wanga analilandira ndi manja awiri, atagwada. Za lichero linalo sitinamuuze. Apongozi anati mkwatibwi asapite kubanja ndi nkhani ya bambo ake.

Anamwalira mvula ya chaka chotsatira itangoyamba. Mpeni uja, tayala ndi kachitsulo ka sipoko zili kwa ine. Nditapuma ntchito ndinayamba kukhala pansi pa bwemba pomwepo, ndipo diso linabweradi lokha, chaka chachitatu, ngakhale silifika pa lawo. Aphunzitsi anzanga akandifunsa kuti mwezi umatani ndi anankafumbwe, ndimawauza zoona kuti sindidziwa. Ena amati chachikulu ndi nyengo, ena amati ndi madzi a mu nsungwi. Mwina akhoza. Ine ndinayesa kamodzi, ndipo mtengo wake ndimauona pakhoma tsiku lililonse. Ndisanapite kukadula ndimayamba ndayang'ana kumwamba.

Lichero lofumbwa lija apongozi aakazi anandipatsa maliro atatha. Ndinayesa kulifukiza utsi, ndinayesa kulithira mankhwala a chimanga, koma tizilombo tinali titalowa kale mkati. Likutha pang'onopang'ono. Mbali imodzi ya mkombero inagwa kale. Diso ndilo likadali lathunthu, chifukwa khungu la nsungwi ndi lolimba, anankafumbwe satha kuliboola msanga.

Chaka chatha mwana wanga anabwera kudzationa, ali ndi wake kumsana. M'mawa anandipeza ndili ndi tsache pansi pa khoma lija. Anayang'ana lichero nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti walizindikira diso la agogo ake.

"Adadi, ili analukira ndani?"

"Iwe," ndinatero.

Ndinamuuza zonse, mmene ndalembera muno, osachotsa ngakhale fumbi la m'miyendo. Anamvetsera osandidula. Nditatha anatambasula dzanja kuti akhudze diso lija, ndipo sindinamuletse, poti linali lake. Anangoligusa ndi nsonga ya chala, koma kamzere kamodzi ka m'mbali kanathothoka n'kugwa pansi. Anakatola, anakamanga pangodya ya chitenje chake. Kenako ananditenga tsache m'manja, anawerama mwana ali kumsana, n'kusesa kaufa kaja yekha.